Mlandu Unatha Kale: Uthenga wa Mzimu mu Tauni ya Livingstone

Tauni ya Livingstone inatenga dzina la munthu amene paunyamata wake anatha zaka zingapo akuganiza kuti Mulungu sangamulandire. Alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya samva zimenezi. Ku Livingstone Museum amawaonetsa makalata ake ndi katundu amene ankayenda naye, amawauza za mkango umene unamuthyola mkono ndi za nkhondo yake yolimbana ndi malonda a akapolo, nkhani n'kuthera pomwepo. Komatu wofuna kumvetsa mmene chiphunzitso cha kuyenda mwa Mzimu ndi kumasuka ku chitsutso chayendera m'tauni imeneyi ayambire pa mnyamata uja, chifukwa nkhawa imene inamugwira iye ndi yomwe yakhala ikubwerera m'mipingo ya m'madera ake a Maramba, Libuyu, Linda ndi Dambwa, ulendo uliwonse ndi dzina lina.

David Livingstone anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, kamudzi kamene kanapereka dzina ku mzinda wa Blantyre wa ku Malawi. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito pa fakitale ya thonje, kulowa 6 koloko m'mawa, kuweruka 8 koloko usiku. Atafika zaka pafupifupi 12, mtima unayamba kumutsutsa za machimo. Ankamva ndithu kuti chikhululukiro n'chaulere, koma ankadziona wosayenera. Iye anamvetsa kuti ayenera kudikira kaye kuti Mzimu Woyera achite chodabwitsa china mkati mwake, pamenepo ndiye angayerekeze kunena kuti walandiridwa. Anadikira, osaona kanthu. Mantha aja anayamba kuzirala, koma mtendere sunabwere. Zinasintha ali pafupi ndi zaka 20, atawerenga buku la Thomas Dick lotchedwa Philosophy of a Future State. Inali nthawi yomwe bambo ake, a Neil, anachoka mu Church of Scotland n'kulowa mpingo wa Congregational ku Hamilton, kumene khomo la chipulumutso linkalalikidwa kuti n'lotsekukira aliyense. Mnyamatayo anazindikira kuti zaka zonsezi wakhala akudikira chinthu chimene anapatsidwa kale.

Chimene anatulukiracho n'chimene mtumwi Paulo analembera Akhristu a ku Roma ali ku Korinto cha m'ma 57. M'chaputala 7 cha kalatayo muli munthu wogawanika mtima: zabwino amazifuna koma sazichita, zoipa amadana nazo koma amangopezeka wazichita. Chaputala 8 chimayamba monga mmene mfumu imatsekera bwalo: mlandu wa munthu amene ali mwa Khristu watha, aliyense abwerere kwawo. Zina zonse zimabwera pambuyo pa chigamulo chimenecho. Mzimu amapatsidwa kwa munthu womasulidwa kaleyo kuti ayende mayendedwe atsopano. Amamuphunzitsa kuitana Mulungu ngati kholo lake, osanjenjemera ngati kapolo, ndipo amamupempherera pamene mawu amuthera. Kumasulidwa ndiko kumayamba, kuyenda bwino n'kumatsatira. Mbiri ya mipingo ya m'mbali mwa Zambezi yadzaza ndi anthu okonda Mulungu moona amene ankatembenuza ndondomeko imeneyi, n'kuika kuyenda bwino patsogolo ngati mtengo wogulira chimasuko.

Woyamba kuitembenuza anali Livingstone mwini wake. Ku Kolobeng, m'dziko limene lero ndi Botswana, anabatiza Sechele, mfumu ya Akwena, mu 1848, mfumuyo itayamba yabweza kwawo akazi ake anayi n'kutsala ndi mmodzi. Patapita miyezi yochepa zinadziwika kuti mmodzi mwa obwezedwawo, Mokgokong, ali ndi pakati pa mfumuyo. Sechele anavomera kulakwa kwake, koma Livingstone anamuimitsa pa mgonero. Mmishoniyo anapitiriza maulendo ake a kumpoto. Mfumu yodulidwayo ndiyo inatsala ikuwerengera anthu ake Baibulo ndi kuwatsogolera m'mapemphero zaka zambirimbiri, mpaka imfa yake mu 1892. Ine sindikayika kuti Mzimu ankagwira ntchito mwa Sechele zaka zonsezo. Chimene chimandipweteka n'chakuti munthu amene ankadziwa kuwawa kwa kudziyesa wokanidwa sanapeze njira ina yomudzutsira mnzake wogwa. Nawonso amayi anayi aja anachotsedwa pabanja opanda mlandu uliwonse, kuti mwamuna wawo ayenerere ubatizo.

Livingstone anafika pa mathithi pa 16 November 1855 ataperekezedwa ndi Amakololo a mfumu Sekeletu. Eni dera, Aleya a kwa Mukuni ndi anthu a kwa Sekute, anali ndi malo awo opembedzera m'mbali mwa mtsinjewo, ndipo kwa Mukuni miyambo ya mvula ndi ya mizimu inali m'manja mwa mayi wolemekezeka wotchedwa Bedyango, udindo umene ulipo mpaka lero. Livingstone sanamangepo tchalitchi. Amishoni amene anatumizidwa kwa Amakololo ku Linyanti mu 1860, motsogozedwa ndi Holloway Helmore ndi Roger Price, ambiri anafera komweko ndi malungo.

Mpingo unadzazika mizu ndi François Coillard, Mfalansa wa Paris Evangelical Missionary Society, amene anali atatumikira zaka pafupifupi 20 ku Lesotho. Mu 1885 anakhazikika ku Sesheke, kenako Sefula ndi Lealui, likulu la mfumu Lewanika. Sanabwere yekha. Anali ndi alaliki Achisutu, ndipo iwowa ndiwo ankamvana msanga ndi anthu chifukwa Chilozi chinatengera kwambiri chilankhulo chimene Amakololo anabwera nacho kuchokera kummwera. Mishoni yomweyi inatsekula malo ku Kazungula, ndipo mu 1898 inafika pa Old Drift, pa doko lowolokera Zambezi kumtunda kwa mathithi, pamene panali kamudzi ka amalonda kodzaza udzudzu. Manda a anthu amene malungo anawapululira pamenepo akadalipo m'nkhalango ya Mosi-oa-Tunya. Amishoniwa anali anthu a chitsitsimutso, odziwa bwino Aroma 8, ndipo anaika ana ndi akazi awo m'manda a m'chigwa chimenechi chifukwa cha uthengawo. Koma khomo lolowera mumpingo linali lopapatiza: zaka za kalasi, kusiya mowa, kusiya mitala, ndi kuonetsa kwa nthawi yaitali kuti wasinthadi. Lewanika ankabwera ku mapemphero, anapereka ana ake kusukulu ya mishoni, koma anamwalira mu 1916 asanabatizidwe. Cha mu 1900 mlaliki wina Wachisutu, Willie Mokalapa, anapatuka n'kuyambitsa mpingo wotsogozedwa ndi anthu akuda mogwirizana ndi African Methodist Episcopal Church. Sunakhalitse, koma funso limene unadzutsa linatsala: ngati Mzimu ndi mmodzi, bwanji munthu wakuda amangokhala wothandizira mpaka kukalamba? Coillard anamwalira mu 1904, ndipo dzina lake lili pa tchalitchi cha Coillard Memorial m'tauni ya Livingstone.

Mlatho wa pa mathithi utatha mu 1905, anthu a pa Old Drift anasamutsidwira kumtunda kwa mchenga kumene kuli tauni lero. Kuyambira mu 1911 mpaka 1935 Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia, lisanasamukire ku Lusaka. Apa ndi pamene anthu olankhula Chinyanja analowera m'nkhaniyi. Boma linkafuna makalaliki, apolisi ndi amesenjala. Njanji ndi kampani yocheka matabwa ya Zambezi Sawmills zinkafuna antchito. Nyumba za azungu zinkafuna makhukhi. Ambiri anachokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson, Chipata wa lero, ataphunzira ku Blantyre, Livingstonia, Nkhoma, Magwero kapena Madzimoyo. Chinyanja chinasanduka chilankhulo cha apolisi. M'masutikesi mwawo munali buku la nyimbo, kalata ya mpingo yoonetsa kuti kwawo sanachoke ndi mlandu, ndipo kuyambira mu 1922 munalinso Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake, akuda ndi oyera, anamasulira kwa zaka zambiri.

Kalata ya mpingo ija tiyeni tiimepo pang'ono. Mkhristu wochokera kumishoni za Dutch Reformed kapena za Askotishi ankadziwa bwino njira ya chilango. Munthu akagwa m'chigololo, akapezeka pa mowa, akatenga mkazi wachiwiri kapena akapita kwa sing'anga, ankaitanidwa ku bwalo la akulu ampingo. Akapezeka wolakwa ankadulidwa, dzina lake n'kulengezedwa pamaso pa mpingo wonse. Pa mgonero sankayandikira, ankabwerera m'kalasi ya olapa, ndipo patapita miyezi kapena zaka ankabwezeredwa. Tisafulumire kunyoza makolo amenewa. M'komboni ya antchito, mwamuna ali kutali ndi ankhoswe ndi mfumu yake, akulu ampingo ndiwo okha ankatha kumufunsa chifukwa chimene wasiyira kutumiza ndalama kwa mkazi wake kumudzi. Mabanja ambiri anapulumuka ndi bwalo limenelo. Vuto linali lakuti bwalo limaona zooneka ndi maso zokha. Mtsikana wotenga pakati sangabise, choncho ankaimirira yekha kutsogolo, mwamuna wochimwa naye atakwera sitima ya ku Bulawayo kapena atakhala phee pa benchi ya abambo. Wodzikuza, wankhanza kwa antchito ake, wodyera amasiye, onsewa ankadya mgonero bwinobwino. Mwana wokulira mumpingo wotere ankamva pa guwa kuti chisomo n'chaulere, koma chimene ankaona ndi maso chinali chakuti kuyenda mwa Mzimu ndiko kusagwidwa.

Panalinso chitsutso china chimene munthu sakanachilapa: khungu. Azungu a mpingo wa Anglican atamanga tchalitchi cha St Andrew's cha m'ma 1910 ndi 1911, ena mwa iwo sankafuna kuti anthu akuda azilowamo. Bishopu John Edward Hine, amene kale anatumikira ku Likoma pa nyanja ya Malawi, analimbana nawo pa nkhani imeneyi. Kunja kwa tchalitchi tsankho linapitirira zaka zina makumi angapo: munthu wakuda ankagulira nyama pawindo, ndipo usiku ankayenera kukhala kukomboni. Ansembe a Katolika a chipani cha Capuchin ochokera ku Ireland anafika mu 1931, n'kuyamba ntchito imene inabala dayosizi ya Livingstone mu 1959. Iwo anabwera ndi njira ina yomasulira munthu, ya kulapa mseri kwa wansembe, ngakhale kuti nawonso ankatsekera kunja kwa masakramenti amene maukwati awo sanali olongosoka.

Njanji yomwe inkatenga amuna kupita ku migodi ya Wankie, Bulawayo ndi Johannesburg inkawabweretsanso ndi uthenga wina. Chitsitsimutso cha Pentekoste chimene chinabuka pa Azusa Street ku Los Angeles mu 1906 chinafika ku Johannesburg mu 1908 ndi John G. Lake, ndipo pa tsinde limenelo panaphuka Apostolic Faith Mission ndi mipingo yambiri ya Ziyoni. Ku Southern Rhodesia, Johane Marange ndi Johane Masowe anayambitsa mipingo yawo ya Apostoli cha mu 1932, ndipo otsatira awo anadzafalikira kumpoto kwa Zambezi. Anthu amenewa ankanena chinthu chimene Mokalapa akanachivomera: Mzimu safuna satifiketi ya sukulu ya mishoni, amatha kutsikira pa wochapa zovala za mzungu n'kumupatsa ulosi ndi machiritso. Ankayankhanso mantha amene amishoni ankangowatcha umbuli, mantha a ufiti ndi a mizimu yovutitsa. Kwa munthu amene abale akumuloza chala kuti ndi mfiti, kumasuka ku chitsutso si nkhani ya m'mabuku. Komabe ngakhale kumeneko bwalo linabwerera. Pa msonkhano wa Pasika wa Apostoli a Marange, munthu amadutsa pa chipata pamene paima aneneri oulula machimo obisika, ndipo wosalapa saloledwa kudya nawo.

Zambia italandira ufulu, mpingo wa ku Barotseland wobadwa ku mishoni ya Coillard unaphatikizana ndi Amethodisti ndi ena n'kupanga United Church of Zambia mu January 1965. Koma moto watsopano unayakira kwina, m'masukulu a sekondale ndi m'makoleji. Kudzera m'magulu ngati Scripture Union ndi m'mafelosipi a m'nyumba, achinyamata a m'ma 1970 anayamba kufunsana funso limene makolo awo sankafunsana: kodi unabadwanso mwatsopano? Ankalankhula za kudzazidwa ndi Mzimu, za malilime, ndipo koposa zonse ankanena molimba mtima kuti akudziwa kuti anapulumutsidwa. Kwa akulu ampingo kumeneku kunali kudzikuza. Kwa achinyamatawo kunali kupeza chimene Livingstone anapeza ali ndi zaka 20. Ku Katolika, Ambuye Emmanuel Milingo, mwana wa kufupi ndi Chipata amene anakhala arkiepiskopi wa Lusaka kuyambira mu 1969, anayamba mapemphero a machiritso mu 1973, makamaka kwa ovutika ndi mizimu yotchedwa mashawe. Khamu linkakhamukira kwa iwo mpaka Roma inawaitana mu 1982, ndipo chaka chotsatira anatula udindo. Pa 29 December 1991 a Frederick Chiluba, amene ankadzitchula poyera kuti ndi obadwanso, analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko.

Zonsezi zinkachitika tauni ya Livingstone ikulowa pansi. Malire ndi Rhodesia anatsekedwa mu 1973, malonda a pa mlatho n'kuima zaka zingapo. M'ma 1990 mafakitale a nsalu ndi mabulangete anagonja kwa salaula ndi katundu wakunja, ndipo fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat inatha. Kunatsala mahotela, mathiraki oima masiku pa malire, ndi anthu osowa ntchito. M'nyengo yomweyi ndi mmene Edzi inalowera. Kafukufuku wa boma m'zipatala za sikelo m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za 2000 ankapeza kuti ku Livingstone pafupifupi mayi woyembekezera mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi kachilombo, chiwerengero chimene chinali m'gulu la zokwera kwambiri m'dziko lonse.

Apa ndi pamene chiphunzitso cha Aroma 8 chinayesedwa koposa nthawi ina iliyonse, ndipo poyamba mipingo yambiri, yakale ndi yatsopano yomwe, inalephera mayesowo. Matendawa ankalalikidwa ngati malipiro a chiwerewere. Pamsewu anthu ankanong'onezana kuti uje ali ndi kaliwondewonde, kapena kungoti kanayaka. Pa maliro mlaliki ankazungulira mawu, koma aliyense ankamva amene akunenedwa. Mayi amene sanadziwepo mwamuna wina kupatula wake ankagona pamphasa akufunsa kuti walakwira chiyani Mulungu. Ana obadwa nako ankamva ulaliki womwewo. Anthu ankafa kawiri, koyamba ndi manyazi, kenako ndi matenda, ndipo ambiri sanapite n'komwe kukayezetsa poopa kuti mpingo udziwa.

Ambiri mwa amene anayamba kuswa chete ameneyu sanali akatswiri a zaumulungu. A Kenneth Kaunda, mwana wa mlaliki wochokera ku Nyasaland, anauza dziko mu 1987 kuti mwana wawo Masuzgo anamwalira ndi Edzi. Chaka chomwecho chipatala cha Salvation Army cha Chikankata, m'chigawo chomwecho cha kummwera, chinayamba kuyendera odwala m'makomo mwawo, njira imene mayiko ambiri anadzatengera. Mu 1990 Winstone Zulu anakhala munthu woyamba mu Zambia kunena poyera kuti ali ndi kachilombo, ndipo mu 1992 wansembe wa Anglican wa ku Uganda, Gideon Byamugisha, anachita chimodzimodzi atavala kolala yake. Koma ntchito yaikulu inagwiridwa ndi amayi amene mayina awo sanalembedwe paliponse: a Chigwirizano, a Anamoyo, a m'miphakati ya Katolika, ndi a m'mafelosipi a Pentekoste. Ankalowa m'nyumba zimene abale ankazilambalala, kusambitsa wodwala, kuchapa zofunda, kuphika phala, kuimba nyimbo. Sankayamba ndi kufunsa kuti matendawa unawatenga kuti. Ine ndimakhulupirira kuti m'zaka zonse kuchokera pa Old Drift, palibe amene analalikira chaputala chija molondola kuposa amayi amenewa, chifukwa anabwezeretsa ndondomeko yake: ankayamba amulandira munthu, zokonza moyo n'kumakambirana pambuyo, ngati moyowo unalipo.

Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma cha mu 2005, maliro anachepa, ndipo amene ankayembekezeredwa kufa anabwerera kumsika wa Maramba. Mipingo yambiri inasintha kalankhulidwe, ndipo lero si chachilendo kumva abusa akulimbikitsa anthu kukayezetsa. Koma panabuka aneneri ena ouza odwala kuti kumwa mankhwala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Wotaya mankhwala akadwalanso, mlandu umagwera iye yemwe: sanakhulupirire mokwanira.

Umu ndi mmene chitsutso chikuonekera masiku ano, ndipo chimandidetsa nkhawa chifukwa chimalankhula m'dzina la Mzimu. Mtsikana akachedwa kukwatiwa amauzidwa kuti ali ndi mwamuna wauzimu. Mnyamata womaliza sukulu akasowa ntchito m'mahotela amauzidwa kuti pali matemberero a makolo, kapena guwa la kumudzi limene agogo ake anamanga. Malonda akagwa, ndiye kuti mwini wake sanabzale mbewu yokwanira kwa munthu wa Mulungu. Sindikunena za mipingo yonse ya Pentekoste. Muli abusa ambiri amene amadana ndi malonda amenewa ndipo amawadzudzula pa guwa. Sindikukananso kuti kuli mphamvu zamdima zimene anthu amaziopa ndi chifukwa. Koma taonani chimene chimachitikira Mkhristu wa mu mzere wa kumasulidwa. Anabatizidwa, amapemphera, mwina amalankhula malilime, komabe sabata iliyonse amauzidwa kuti pali mlandu wina wotsala umene sankaudziwa, wa anthu amene anafa iye asanabadwe, ndipo kuti utheke pafunika mafuta, madzi odalitsidwa ndi envelopu. Bwalo la akulu ampingo lija, ndi kuuma kwake konse, linali ndi tsiku lobwezeretsa munthu, ndipo silinkalipiritsa. Mzere uwu ulibe tsiku lotero.

Paulo sanalonjeze Akhristu a ku Roma kuti mavuto atha. M'chaputala 8 chomwe chija amatchula njala, umphawi, zoopsa ndi kuphedwa kumene ngati zinthu zimene zingagwere anthu a Mulungu, ndipo mfundo yake ndi yakuti zimenezi si umboni woti Mulungu wawataya. M'tauni imene ntchito zambiri zimadalira nyengo ya alendo, imene mliri wa Covid-19 unatseka mahotela ake mu 2020 n'kusiya mabanja ambiri opanda cholowa, mfundo imeneyi ndi yofunika kuinena momveka Lamulungu lililonse. Mayi wa ku Ngwenya amene wagulitsa mbaula ndi mapoto kuti apeze ya mbewu ayenera kumva kwa abusa ake kuti ulova wa mwana wake unachokera ku mafakitale amene anatsekedwa, osati kwa agogo ake, ndipo kuti ndalama yatsalayo akagulire ufa.